Mzime ndi Diresi la Eni Ake

Nyumba imene Mzime anakuliramo inali ya zipinda zitatu zokha, koma mlendo akalowamo ankayamba wayang'ana nsapato zake mwamanyazi. Pansi pankawala. Kapu iliyonse inali ndi msomali wake, tsache linali ndi ngodya yake, ndipo munthu aliyense ankadziwa ntchito yake asanamwe tiyi. Bambo a m'nyumbamo anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo, munthu wosanena chinthu kawiri. Mayi anali atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu mu shopu yochapa ndi kusita zovala pakati pa mzinda, ndipo m'zaka zonsezo sanatenthepo ngakhale kolala imodzi.

Pa tebulo panali malamulo awiri. Loyamba, palibe kugwira supuni pemphero lisanathe. Lachiwiri, chimene wapatsidwa umalize. "M'nyumba muno chakudya sichibwerera kukhitchini," ankatero bambo, ndipo ana asanu onse anakula akusiya mbale zawo zili mbee.

Mzime ndiye anali womaliza kubadwa, ndipo dzina limeneli linamukakamira mpaka la ubatizo linaiwalika. Mayeso omaliza sanamukomere. Anakhala pakhomo chaka chathunthu, mpaka mayi ake analimba mtima n'kukagogoda pa ofesi ya mwini shopu, bambo wa magalasi okhuthala amene kuseka sankakudziwa.

"Ndimulemba chifukwa cha inu, mayi," anatero mwini shopuyo. "Iyeyu sindikumudziwa. Ndikudziwa inu."

Ntchito ya mu shopumo inali ndi dongosolo lake. Chovala chikangofika ankachibaya kapini kokhala ndi kansalu, ndipo pa kansaluko ankalembapo nambala ya chovalacho ndi chilembo cha wantchito amene achisamale. Chikawonongeka, mwini shopu sankafunsa zambiri. Ankangowerenga chilembo. Zovala zovuta, makamaka za silika, zonse zinkapita pa tebulo la mayi ake a Mzime, pakuti panalibe wina wololedwa kuzigwira. Mzime anaikidwa pa kauntala. Loweruka masana iye ndiye ankasesa, kukhoma chitseko, n'kupita ndi kiyi kunyumba kuti adzatsegule Lolemba m'mamawa.

"Tabwera uone mmene nsalu iyi imafunira," mayi ake ankamuitana makasitomala akachepa. "Nsalu iliyonse ili ndi khalidwe lake."

"Ndikubwera, amayi," ankayankha, maso ali pa foni. Sanapiteko ngakhale tsiku limodzi.

Khomo loyandikana ndi shopuyo linali la saluni, ndipo mmenemo munkagwira ntchito mtsikana wina amene msewu wonse unkamutcha Zikhadabo. Zikhadabo zakezo zinali zazitali, zosintha utoto sabata iliyonse, moti batani la bulauzi ankachita kupempha mnzake kuti amumangire. Nthawi ya nkhomaliro ankabwera kudzatsamira pa kauntala ya Mzime, akutafuna chingamu ngati mbuzi.

"Iwe, Lamlungu umasowera kuti?" anafunsa tsiku lina.

"Kutchalitchi."

"Tsiku lonse? Unapha ndani kuti uzilapa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa?"

Mzime anaseka, ngakhale ankadziwa kuti si zoseketsa. Zikhadabo anatulutsa foni n'kuyamba kumuonetsa zithunzi. Zinali za lesitilanti ya pamwamba penipeni pa nyumba ya magalasi imene inkaoneka kuchokera kulikonse mu mzindamo: matebulo a nsalu zoyera, matambula a miyendo yaitali, ndi Zikhadabo mwiniwake atapinda khosi ngati mkazi wa nduna.

"Kumeneko ndiye kumadya anthu. Enafe timangodzaza mimba. Tiye Lamlungu likubwerali."

"Ndilibe chovala cha malo ngati amenewo."

Zikhadabo anaseka mpaka chingamu chinatsala pang'ono kugwa. Analoza ndi chikhadabo chofiira mizere ya zovala imene inali kumbuyo kwa Mzime.

"Ulibe chovala? Nanga izi ndi nkhuni? Kiyi amagona m'chikwama mwako, eni ake akudziwa kuti zili m'makina. Ndani angadziwe?"

"Kumeneko n'kuba."

"Kuba n'kusabweza, mwana iwe. Uku n'kuzitenga zikawongoleko miyendo. Zimatopa kulendewera."

Loweruka limenelo Mzime anasesa, anazimitsa magetsi, naima pakati pa shopu nthawi yaitali. Kenako anatsitsa jekete yobiriwira ya mayi wina wa ku banki, anaipinda bwinobwino n'kuilowetsa m'chikwama. Kunyumba ananena kuti achinyamata a kwaya ayamba kukumana Lamlungu masana ku mpingo wina.

Ulendo woyambawo anakhala pa khonde la lesitilantiyo, n'kugawana keke imodzi ndi Zikhadabo. Anajambulana zithunzi makumi atatu. Lolemba jekete inabwerera pa malo ake, ndipo mphezi siinagwe. Sabata yotsatira anatenga siketi ndi mpango. Yotsatiranso anatenga diresi lakuda, ndipo mtima sunagundenso pamene ankalitsitsa.

Koma maso a munthu amene wapachika zovala zaka makumi awiri sapusitsidwa. Lolemba lina mayi ake anamuitanira kuseri kwa makina, kumene phokoso linkaphimba mawu.

"Ine ndimapachika mahang'ala onse ayang'ane kukhoma. Diresi lakuda lija ndalipeza likuyang'ana kukhomo. Latembenuka lokha?"

"Mwina ndinaligunda posesa, amayi."

"Mwina." Mayiwo anamuyang'ana mpaka Mzime anagwetsa nkhope. "Tamvera, mwanawe. Munthu akatisiyira chovala, watisiyira ulemu wake. Ngakhale kuchiyesa pagalasi n'kulakwa. Ine muno ndilibe chuma china koma dzina langa, ndipo iwe unalowa muno utakwera pa dzina limenelo. Usandivule."

Bambo nawo sanakhale chete. Lamlungu lina madzulo, Mzime akulowa, anamuimitsa pakhomo.

"Kwaya yanuyo yakumana masabata anayi tsopano. Tatiimbire nyimbo imodzi imene mwaphunzira."

Mzime anatsokomola, nati pakhosi pakumuwawa.

"Kwaya yosabweretsa nyimbo kunyumba sindinaionepo," anatero bambo. "Kumene ukupitako, ngati sungathe kutitchulira dzina lake pa tebulo lino, si koyenera kupitako. Ndanena."

Ananenadi kamodzi, monga mwa khalidwe lawo. Mzime anamva, koma mawuwo anawasiya pakhomo pomwepo pamodzi ndi nsapato.

Lachisanu la sabata imeneyo kunabwera mayi wina wachikulire, namwino wopuma pantchito, atanyamula katoni ngati wanyamula khanda. Anaitsegula pa kauntala. Munali diresi la silika la mtundu wa mkaka, lokhala ndi timaluwa tosokedwa pamanja kuzungulira khosi. Mzime anali asanaonepo chinthu chokongola chotero.

"Anandigulira ndi malemu amuna anga," anatero anamwinowo. "Ndalisunga zaka zisanu ndi chimodzi osalivala. Loweruka la sabata yamawa mwana wanga wamkazi akukwatiwa. Mungolichotsa fungo la m'katoni. Koma chonde, aligwire ndi mayi aja okha."

Mzime anabaya kapini mkati mwa khosi la diresilo n'kulemba chilembo cha mayi ake. Mayiwo analisamala tsiku lomwelo, analiveka pulasitiki n'kulipachika kumapeto kwa mzere, kudikira mwini wake Lolemba.

Loweruka m'mawa Zikhadabo analowa akuvina.

"Mwayi wako wafika! A Makiyi aona zithunzi zako. Akuti mawa masana tikadye nawo m'kati mwenimweni, osati pakhonde pa amphawi paja. Chakudya cha mbale zisanu ndi ziwiri, mnzanga! Koma uvale ngati munthu, usakandichititse manyazi."

"A Makiyi ndi ndani?"

"Amagulitsa magalimoto. Ukawaona udziwa chifukwa chake timawatcha choncho." Maso ake anayendayenda m'mizere ya zovala n'kuima pa pulasitiki yakumapeto. "Ilo! Limenelo ndiye lako."

"Ayi, limenelo ayi. Ndi la ukwati wa mwana wa eni ake."

"Ukwati uli mawa? Ndiye vuto lili pati? Maola atatu okha, silisungunuka."

Masana, atakhoma chitseko, Mzime anayenda mpaka pa ngodya ya msewu. Anaima. Anabwerera, anatsegulanso, n'kutsitsa diresilo.

Lamlungu anatuluka m'tchalitchi ulaliki usanayambe, nakavalira ku chipinda cha Zikhadabo, zovala zake n'kuzisiya kwa mlonda. Atafika ku nyumba ya magalasi ija, chikepe chinawakweza mpaka pamwamba. Pakhomo panaima mtsikana amene anafufuza dzina pa kakompyuta asanawalole kulowa. M'katimo munkazizira ngati m'firiji. Nyimbo yopanda mawu inkalira chapansipansi, ndipo kuseri kwa khoma la galasi ophika ovala zoyera ankaika timasamba pa mbale ndi kapani, mosamala ngati akuzula minga m'phazi la mwana. Anthu anatembenuka kuyang'ana diresi la mtundu wa mkaka likudutsa, ndipo Mzime, tsoka lake, anamva kukoma.

A Makiyi anali atafika kale. Anali bambo wa msinkhu wa bambo ake, wa khosi la mipukutu itatu, akuzunguza mulu wa makiyi pa chala. Pa chala china panali mzere woyera pamene mphete inali itangovulidwa kumene. Mafuta onunkhira amene anadzithira ankalimbana ndi thukuta, ndipo thukuta ndilo linkapambana.

"Kameneka ndiye kaja?" anatero osadzuka. "Khala apa, pafupi ndi ine. Sindiluma Lamlungu."

Woperekera zakudya anali bambo wa imvi, woongoka ngati msilikali. A Makiyi ankamuitana pothyola zala. "Iwe! Yamba!"

Mbale yoyamba itafika, mutu wa Mzime unawerama wokha monga unazolowera. Zikhadabo anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Ukutani? Pano timayamba ndi kujambula."

Mafoni anatuluka. Chakudya chinazizira anthu akuchizungulira ngati maliro a munthu wotchuka. Mbaleyo inali yaikulu ngati chivindikiro cha beseni, koma pakati pake panali kanthu kochepa ngati chala chachikulu, kokutidwa ndi thovu longa malovu. Bambo wa imvi uja anafotokoza dzina lake ndi kumene kanachokera, mawu ambiri kuposa chakudya chenichenicho. Mzime anakameza. Sanadziwe ngati inali nyama kapena chipatso.

Mbale yachiwiri inali ya nkhono za m'nyanja zaziwisi, zili m'zigoba zake pamwamba pa ayezi. A Makiyi ananyamula chigoba chimodzi n'kuchipsontha mwaphokoso, madzi ake akutsikira pachibwano.

"Meza osatafuna," anamuuza. "Zimapatsa mphamvu zimenezi." Anatsinzinira Zikhadabo diso, onse awiri n'kuseka.

Mzime anameza. Chinthucho chinatsetsereka pakhosi chozizira, choterera ngati mamina. Misozi inalengeza m'maso, koma m'mbale munatsala zitatu, ndipo anazimaliza.

Apa ndi pamene panagona tsoka lake. M'malo amenewo mbale iliyonse imabwera ndi vinyo wakewake, ndipo ozolowera amangolawa n'kusiya. Tambula ikakhala ndi kanthu, woperekera saigwira. Ikauma, ntchito yake ndi kuidzaza. Zikhadabo ankadziwa zimenezi koma sanamuuze. Iye ndi a Makiyi ankangojompha pang'ono n'kukankhira mbale kumbali, ndipo chakudya chinkabwerera kukhitchini chitangolumidwa kamodzi. Koma Mzime analeredwa kuti chimene wapatsidwa umalize. Lamulo labwino la nyumba yabwino analitengera kumalo kumene silinali kugwira ntchito. Ankapukuta mbale iliyonse, ankagugudiza tambula iliyonse kuti athane nayo, ndipo akangoiika pansi ankaipeza yadzazanso. Chibadwire anali asanalawepo mowa.

Kunabwera nsomba yosaphika yodulidwa mopyapyala. Kunabwera nyama imene mpeni utangoikhudza inatulutsa magazi n'kudzaza mbale. Kunabwera tchizi cha nkhungu yobiriwira, chonunkha ngati dengu la masokosi limene ankalandira ku shopu Lolemba m'mawa. Zonse anadya.

"Taonani kameneka!" anafuula a Makiyi, chakudya chikuonekera m'kamwa. "Kali ndi njala ya chaka chatha! Kwanu amakupatsani chakudya koma?"

Anatokosa m'mano ndi chikhadabo, anayang'ana chimene anatulutsacho, n'kuchibwezera m'kamwa. Kenako dzanja lomwelo, lonona ndi mafuta a nyama, linatsika pansi pa tebulo n'kutera pa bondo la Mzime. Iye analichotsa. Linabwereranso, ndipo ulendo uno linakwera. Atayang'ana pansi anaona zala zisanu za mafuta zitadindika pa silika wa anamwino.

"Bambo, chonde," anatero, lilime likulemera.

"Bambo? Ndine bambo ako ine? Ukuyesa mbale zisanu ndi ziwiri zimangogwa kumwamba?"

"Usachite zachimidzi," ananong'ona Zikhadabo. "Seka."

Pamenepo chipinda chinayamba kuzungulira. Nyali za kudenga zinasanduka ziwiriziwiri. Nkhono zija, nsomba ija, magazi aja ndi tchizi chija zinayamba kukangana m'mimba. Mzime anadzuka mofulumira, chigongono chinagunda tambula, ndipo vinyo wofiira yense anakhuthukira pa diresi kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo. Anathamanga kufuna chimbudzi, koma sanadziwe kumene chinali. Anafika pa khoma la galasi lija, pamaso pa ophika ndi odya onse, ndipo zonse zimene anameza zinabwerera njira imene zinalowera. Zinagwera pansi ponyezimira, pa nsapato zake, ndi pa timaluwa tosokedwa pamanja tija.

Nyimbo inapitiriza kulira. Mayi wina anatseka mphuno ndi kansalu ka pa tebulo. Mafoni amene ankajambula chakudya aja anatembenukira kwa iye.

"Mwandibweretsera chiyani ichi?" anamveka a Makiyi.

"Sindikumudziwa bwinobwino," anayankha Zikhadabo. "Ndi wa pa shopu yoyandikana nafe basi."

Amene anamugwira pamkono ndi bambo wa imvi uja. Anamupatsa kansalu konyowa n'kumutulutsira khomo lakumbuyo, kumene kunali chikepe cha antchito. Anatsikira ku bwalo la zinyalala. Kumeneko kunali migolo isanu yodzaza ndi chakudya chobwerera ku matebulo, nyama ndi buledi ndi nsomba zosakanikirana ndi zotsalira za ndudu, ntchentche zili ng'waa pa dzuwa la masana. Fungo lake linamusanzitsanso kachiwiri.

Bamboyo anadikira mpaka atamaliza.

"Mwanangu, diresi ili si lako," anatero motsitsa mawu. "Kapini ka ochapa kakuonekera pakhosipa. Ndinakaona utangokhala pansi. Ndinakudzazira tambula chifukwa ndiyo ntchito yanga, koma mtima unkandiwawa. Pita kwanu. Kuno ndaonako ambiri onga iwe, ndipo palibe amene anatulukira khomo lakutsogolo."

Mzime sanapite kwawo. Anatenga zovala zake kwa mlonda wa nyumba ya Zikhadabo n'kuthamangira ku shopu, dzuwa likadali pamwamba. Anadzitsekera m'katimo. Akanakhala kuti anapitako ngakhale kamodzi pamene mayi ake ankamuitana, akanadziwa kuti silika safuna ukali. Koma iye ankangodziwa zimene ankaona patali. Ananyika diresilo m'madzi otentha, ndipo kufiira kwa vinyo kunalowerera n'kusanduka kodera. Anatenga botolo la mankhwala oyeretsera nsalu za pabedi n'kuthira osasungunula. Banga linayamba kuchoka, iye n'kupuma. Kenako nsalu yonse inasanduka yachikasu, n'kufewa m'manja mwake ngati pepala lonyowa. Mwamantha anayatsa simbi kuti aliumitse msanga. Simbi itangotera, panamveka fungo la tsitsi lopserera. Ataitukula, pachifuwa pa diresi panali chibowo cholowa dzanja.

Anakhala pansi nthawi yaitali. Akanatha kupita kwa mayi ake tsiku lomwelo. M'malo mwake analiveka pulasitiki, analipachika kumapeto kwa mzere, hang'ala itayang'ana kukhoma, n'kukhoma chitseko.

Lolemba m'mawa mayi ake anatsitsa diresilo kuti aliyang'ane komaliza. Mzime anali pa kauntala, msana atautembenuza, koma anamva pulasitiki ikulira.

Mwini shopu anabwera, anayang'ana chibowo, n'kutembenuza khosi la diresi kuti awerenge kansalu.

"Chilembo ichi n'chandani?"

"N'changa, bwana."

"Mwalitani diresi la eni ake?"

Mayiwo anayang'ana ku kauntala. Mzime anali kusanja mapini m'kabokosi, mapini amene anali osanjika kale.

"Ndilibe chonena, bwana."

Anamwino atafika sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangolowetsa zala m'chibowomo, n'kusisita timaluwa totsala.

"Amuna anga ali pa bedi la chipatala anandiuza kuti, tsiku limene mwana wathu adzakwatiwe udzavale ili, ndidzakhale ngati ndilipo," anatero. Analipinda mmene linalilimo, analibwezera m'katoni, n'kutuluka osatsanzika.

Tsiku lomwelo mayi ake a Mzime anavula epuloni imene anaivala zaka makumi awiri ndi zitatu. Anatenga kapu yawo ya tiyi ndi ambulera. Podutsa pa kauntala anachepetsa liwiro. Pakhomo anaimanso pang'ono. Mzime sanadzutse mutu.

Masana Zikhadabo anabwera kudzatsamira pa malo ake a masiku onse.

"Ndamva kuti zagwera amayi ako. Bola si iwe! Nkhalamba zija zinafunika kupuma kalekale." Anatulutsa foni. "Koma watchuka, mnzanga. Taona, anthu akutumizirana. Ena aikamo ndi nyimbo. Nkhope siikuoneka bwino, usadandaule. A Makiyi akuti usadzayandikirenso, koma akufunsa ngati uli ndi mnzako wina wodziwa kudya."

Mzime anayang'ana pakamwa pofiirapo, chingamu chikutembenuka pakati pa mano, ndipo ananyansidwa. Koma chimene chinamunyansa koposa sichinali Zikhadabo. Chinali chakuti pamene anamva mawu akuti nkhope siikuoneka bwino, mtima wake unakondwera.

Anapirira Lachiwiri. Lachitatu m'mamawa, akutuluka kuchipinda kuti apite kuntchito, anapeza mayi ake atakhala pa mpando wa pabalaza. Anali atasamba, atavala, nsapato zopolishidwa, chikwama chili pamiyendo. Thupi linali litawadzutsa pa ola la masiku onse, ndipo anakumbukira atavala kale kuti alibe kopita.

Mzime anagwada pa simenti n'kunena zonse, kuyambira pa jekete yobiriwira mpaka pa simbi. Bambo anatuluka kuchipinda n'kuima chilili, kumvetsera mpaka kumapeto.

"Ndinadziwa Lolemba lomwelo," anatero mayi. "Ndinanunkhiza m'khwapa mwa diresi lija. Mankhwala sanafikemo. Thukuta la mwana amene ndinamuyamwitsa ndingalisokoneze ndi la munthu wina?"

"Nanga bwanji simunanene, amayi?"

"Ndinkadikira kuti unene wekha. Ndinadikira mpaka pakhomo."

"Mwalakwa nanunso, mayi," anatero bambo. "Mwamanga nsalu yoyera pa chilonda chowola. Chifundo chotere sichichiritsa mwana." Anatembenukira kwa Mzime. "Dzuka. Misozi yako pansi pano ilibe ntchito. Upite kwa abwana ako, ukachoka kumeneko upite kwa anamwino. Upita wekha, monga unapitira wekha kumene unapitako."

Mwini shopu anamvetsera osamudula mawu. Mzime atamaliza, bamboyo anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Ika kiyi pa tebulopo. Ntchito yako yatha, zimenezo ukudziwa."

"Ndikudziwa, bwana. Koma amayi alibe mlandu. Chonde abwerere."

"Ndikufunsa funso limodzi. Pamene ndinkawafunsa Lolemba, amayi akowo ankadziwa kuti ndiwe?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka, lopepuka. Liwu limodzi lokha likanawabwezera mayi ake epuloni yawo. Mzime analimva likukwera pakhosi monga zinakwerera nkhono zija, ndipo analimeza.

"Ankadziwa, bwana."

"Ndiye kuti anandiyang'ana m'maso n'kundibisira amene amavala zovala za makasitomala anga. Ndikuwamvetsa, nanenso ndine kholo. Koma sindingawasungitsenso katundu wa anthu. Ukawauze kuti ndawathokoza chifukwa cha zaka zonse zija."

Kwa anamwino anakagwada pakhonde. Mayiwo anamvetsera ali chiimire, m'nyumba mukumveka phokoso la achibale okonzekera ukwati.

"Ndakukhululukira, chifukwa ndiyenera kutero," anatero. "Koma usaganize kuti kukhululuka kumasoka nsalu. Loweruka ndivala diresi lobwereka kwa mng'ono wanga. Ndinachita kumupempha, ndipo anavomera. Umu ndi mmene anthu amabwerekera."

Lero mayi ake a Mzime amachapa zovala za anthu a mumsewu wawo pamanja, kuseri kwa nyumba, atawerama pa beseni pa msinkhu umene anzawo akulera zidzukulu. Mzime ndiye amatunga madzi, kuyanika ndi kukapereka. Analapadi, ndipo mpingo, umene unamuimika, unamulandiranso pambuyo pa miyezi isanu ndi umodzi. Koma m'mashopu a mu mzindamo nkhani inayenda, ndipo palibe amene amafuna kumupatsa kiyi.

Ananu, anyamata ndi atsikana amene mwayamba kugwira ntchito m'nyumba ndi m'mashopu a anthu, mverani bwino. Chimene mwasungitsidwa si chanu, ngakhale kwa ola limodzi, ngakhale mwini wake asadziwe. Kutenga popanda kupempha ndi kuba, kaya mubweza kaya simubweza. Malo amene simungawatchule pamaso pa makolo anu musapondeko, ndipo tebulo limene likuchititsani manyazi kupemphera musadyepo. Mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, pakuti choonadi chochedwa chimapulumutsa moyo wanu koma sichibweza zimene zawonongeka. Ndipo musadzinamize kuti tchimo ndi lanu nokha. Mzime anadya maola atatu. Amene akuwerama pa beseni mpaka lero ndi mayi ake.